Amalume akawotchedwe kapena ayi? Akuti sikani imadziwiratu

Nachisale wa ku Bembeke: Zikomo abale anga pagulu pano, pepani ndi uthenga wautali usiku uno. Ndili ndi amalume anga, achimwene awo a mayi, a zaka 66. Anayamba kukhosomola mvula ya chaka chatha isanathe. Kuchipatala china anawajambula X-ray n'kuona mthunzi kumtunda kwa phapo la kumanja, basi n'kuwayambitsa mankhwala a TB ngakhale makhololo sanaonetse kanthu. Amwa miyezi 6 yonse osadumphitsa, wochonga pakhadi ndinali ine. Koma munthu kumangotha, lamba mpaka taboola mabowo awiri atsopano ndi msomali, kenako magazi m'makhololo. Ku Lilongwe anawalowetsa mu CT sikani, n'kutapa kanyama ndi singano. Zotsatira zatuluka sabata yatha, ndi khansa ya m'mapapo. Adokotala akuti opaleshoni siitheka chifukwa chotupa chayandikira mitsempha ikuluikulu, koma ku chiwindi ndi m'mafupa sichinafike. Akuti awawotche ndi makina a cheza milungu 6 pamodzi ndi kemo, mankhwala a khansa aja.

Nachisale wa ku Bembeke: Tsono funso langa ndi ili. Msuweni wanga amene ali ku Joni watumiza nkhani yoti masiku ano kompyuta imayang'ana sikani n'kudziwiratu ngati kuwotchako kudzagwira ntchito kapena ayi. Kodi ndi zoona? Chifukwa kuti tikakhale ku Lilongwe mwezi ndi theka, gadiyani, chakudya, thiransipoti, ndiye kuti ng'ombe ziwiri za ngolo zipita. Ngati pali podziwiratu tikufuna tidziwe tisanaitane ogula.

Mai Busa a ku Lobi: Pepani Nachisale mwanawe. Tiwaika m'mapemphero amalume. Odziwa za chipatala pagulu pano, tulukani.

aMbewe a ku Tsangano: Mwana wanga, ine ndilankhula mosabisa. Mlamu wanga anapita kunja kukawotchedwa, tinasonkha mudzi wonse. Anabwera akulephera kumeza ndi phala lomwe, miyezi isanu tinaika. Khansa ukaikhudza imalusa. Asiyeni akuluwo adye nsima yawo pakhomo, ng'ombe zikhale za ana.

Kabaza wa pa Mphate: Kompyuta yayamba kuombeza ula tsopano? Asing'anga a ku Kasinje apakire zithumwa basi kkkk

Jere wa ku X-ray: Achemwali, ine ntchito yanga ndi yojambula odwala, X-ray ndi CT, chaka chachisanu ndi chinayi tsopano. Yankho lalifupi: ayi, palibe makina amene mungawapatse sikani ya amalume n'kukuuzani kuti "awa achira" kapena "awa musavutike nawo". Zimene msuweni wanu wawerengazo zilipo ndithu koma zikadali m'manja mwa ofufuza. Komabe sikani imene yajambulidwa kaleyo si yachabe, yanena zambiri kale. Ndi imene yawauza adokotala kuti matenda sanadutse pachifuwa, ndipo n'chifukwa chake akukamba za milungu 6. Munthu amene khansa yamwazika thupi lonse samupatsa pulani yotero, amamuwotcha masiku ochepa pongofuna kuchepetsa ululu kapena kuletsa magazi.

Nachisale wa ku Bembeke: Ndiye kuti milungu 6 ndi uthenga wabwino?

Jere wa ku X-ray: Ndi chizindikiro choti akufuna kulimbana nayo, osati kungowapepesa. Koma kawafunseni adokotalawo m'maso muli gwa: cholinga chanu n'kuchiza kapena kuchepetsa ululu? Funso limeneli Amalawi timaliopa, timangoti "zikomo adokotala" n'kutuluka, kenako n'kumafunsana pa geti.

Mankhwala Achilengedwe: Mayi musataye ndalama. Ndili ndi ufa wa masamba wosungunula chotupa chilichonse masabata atatu. Ndiimbireni ku inbox.

Gama (adimini): Achimwene a masamba, pagulu pano tinagwirizana kale za malonda oterowo. Uthenga wina wotere ndikutulutsani. Pitirizani a Jere.

Ngozo wamng'ono (Cape Town): Moni makolo ndi akuluakulu. Ine ndine mwana wa ku Lizulu, ndili pasukulu kuno, ndikuphunzira za makina owotchera khansa ndi kawerengedwe ka mlingo wake. Nkhani imene a Nachisale afunsayi ndi imene timakangana m'kalasi, ndiye ndiloleni ndiitambasule pang'ono, mundikhululukire ndikatalikitsa.

Choyamba, kuwotcha si moto. Ndi cheza champhamvu, mtundu womwewo wa X-ray koma choposa kutalitali, chimene chimathyola DNA, malangizo a mkati mwa maselo, kuti alephere kuswana. Maselo abwino amatha kudzikonza usiku, a khansa amalephera kwambiri, n'chifukwa chake mlingo amaugawa pang'onopang'ono. Kwa matenda ngati a amalumewa mlingo wodziwika ndi 60 Gy (Gy ndi muyezo wa cheza), ogawidwa ka 30, Lolemba mpaka Lachisanu. Ndiyo milungu 6 ija.

Tsono bwanji zotupa ziwiri zofanana kukula, china chimasungunuka china chimakana? Chifukwa chimodzi chachikulu ndi mpweya. Chotupa chikakula msanga, mitsempha ya magazi siifika bwino pakati pake, ndiye pakatipo pamasowa okosijeni. Maselo osowa okosijeni ndi ouma mutu, amafuna cheza chochuluka pafupifupi katatu kuti afe mofanana ndi anzawo. Ganizani mbaula imene phulusa latseka mabowo ake: makala alipo, moto mwayatsa, koma sakolera. Sizifanana ndendende koma chithunzi chake n'chimenecho.

Kabaza wa pa Mphate: Ndiye angowapepelera ndi chivindikiro cha poto, moto ukolere

Mai a Tadala (nesi): Aa inu a kabaza, pali matenda pano. Koma mwangolasa mosadziwa. Munthu amene akusutabe fodya pa nthawi yowotchedwa, utsi umalanda malo a okosijeni m'magazi, ndiye mbaula ija imatsekeka kwambiri. Chimodzimodzi wochepa magazi. Nachisale, amalume amasuta?

Nachisale wa ku Bembeke: Chingambwe, kuyambira ali ku Theba. Anabwerako 1988 pamene aMalawi anasiya kutengedwa kupita ku migodi. Panopa akuti anasiya koma dzana ndinapeza kanyuzi kopichira m'thumba la jekete.

Mai a Tadala (nesi): Kameneko ndiye muyambe nako. Osawakalipira, ndi malume wanu, mwini mbumba. Muwauze mwaulemu kuti fodya akubera mphamvu makina amene ng'ombe zikugulitsidwira.

Ngozo wamng'ono (Cape Town): Zoona amayi. Ndipitirize. Ofufuza anaganiza kuti: ngati mkati mwa chotupa muli mosiyanasiyana chonchi, pena pamoyo, pena powola, pena posowa mpweya, kodi kusiyanako sikungaoneke pa sikani? Diso la dokotala limaona kukula ndi malo. Koma chithunzi cha CT ndi timadontho tambirimbiri, kadontho kalikonse kali ndi nambala yake. Kompyuta imatha kuwerenga manambalawo n'kuona ngati chotupa chili chosalala mkati kapena chamawangamawanga, ngati m'mbali mwake ndi mozungulira kapena mwa minga. Zimenezi amazitcha radiomics. Dzinali linatchuka mu 2012 kuchokera kwa Philippe Lambin ndi anzake ku Maastricht, ku Netherlands. Mu 2014 gulu la Hugo Aerts linatulutsa kafukufuku wa odwala 1,019 a khansa ya m'mapapo ndi ya kumutu ndi khosi, anayeza zizindikiro 440 pa CT iliyonse, n'kupeza kuti zina mwa izo zimagwirizana ndi kutalika kwa moyo wa odwala. Kuyambira pamenepo mapepala angoti mbwee, ndipo panopa awonjezerako AI, makompyuta ophunzira okha.

Inu a ku Bembeke mumadziwa kachewere. Mayi wozolowera pa msika amangoigwira mbatata n'kunena kuti iyi mkati ndi yakuda, asanaidule. Ofufuzawa akufuna kompyuta ikhale mayi ameneyo.

Nachisale wa ku Bembeke: Eya, zimenezo ndiye zimene msuweni amanena. Nanga vuto lili pati?

Ngozo wamng'ono (Cape Town): Vuto ndi loti mayi uja akanena kuti thumba ili zowola zichuluka amalondola, koma pa mbatata imodziimodzi amaphonya. Kompyuta imanena za gulu: mwa anthu okhala ndi chotupa chooneka chonchi, ochuluka zimawayendera motere. Siinena za amalume anu. Ndipo ena atabwereza kafukufuku wa 2014 uja anapeza kuti mbali yaikulu ya ulosiwo imangotsatira kukula kwa chotupa, chinthu chimene dokotala aliyense amayeza ndi rula kale. Kuwonjezera apo, munthu yemweyo mukamujambula pa makina awiri osiyana kampani, manambala aja amasintha.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa ine monga mwana wa ku Ntcheu ndi ichi. Makompyutawa amaphunzira pa zithunzi za odwala a ku Ulaya, America ndi China. Mapapo a kwathu ndi ena. Ambiri ali ndi zipsera za TB yakale, utsi wa nkhuni wa m'khitchini, ndipo kwa a Theba ngati amalumewa pali fumbi la m'migodi limene limasiya timadontho m'mapapo. Kompyuta imene sinaonepo phapo lotere mungaikhulupirire kuti igamule za ng'ombe?

Jere wa ku X-ray: Apo mwakhoza mphwanga. Ine ndimawaona mapapo amenewo tsiku ndi tsiku. Pali madala ena ukawajambula umachita kudabwa kuti akupuma ndi chiyani, koma akwera njinga kuchokera ku Mayani.

aMbewe a ku Tsangano: Ana inu mwaphunzira, sindikukana. Koma palibe amene wayankha za mlamu wanga. Sikani anajambulidwa zingapo, madokotala anati tiyeni. Nanga bwanji?

Mai a Tadala (nesi): Bambo Mbewe, pepani ndi maliro amenewo, ndipo funso lanu si lopusa. Za mlamu wanu mwini wake ndi dokotala amene anawaona. Koma chimene ndaona ine pa ntchito ndi choti kale, pamene kuno kunalibe makina, munthu amadikira pa mndandanda wopita ku India, Tanzania kapena Zambia miyezi ndi miyezi. Pofika uko sikani imene ananyamula ndi yakalekale, chotupa chasuntha kale. Ndiye anthu amati kuwotcha kwamupha, pamene yamupha ndi nthawi. Za kulephera kumeza ndi zoona, sindingakubisireni. Kummero kumadutsa pakati pa chifuwa, cheza chimakukhudza, ndipo kuyambira sabata yachitatu chakuti ambiri amamva kuwawa pomeza. Zimapola pakatha milungu ingapo atamaliza, ndipo pali mankhwala ake. Gadiyani amafunika wodziwa kuphika phala lamadzimadzi la nsinjiro, mazira, mkaka, nthochi zokanya.

aMbewe a ku Tsangano: Kaya. Ine ndanena zanga.

Gama (adimini): Mwamveka bambo, ndipo tikufuna mawu otero pagulu. Kungokumbutsa amene sakudziwa: makina owotchera analowa m'dziko muno mu 2024 pa chipatala cholipira cha International Blantyre Cancer Centre, ndipo mu 2025 anatsegula a boma pa National Cancer Centre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Za pasipoti ndi ndege si za aliyensenso ayi.

Nachisale wa ku Bembeke: Ndatumiza chithunzi cha sikani apa, a Ngozo ndi a Jere taonani mundiuze.

Gama (adimini): Achemwali ndachichotsa. Pakona pake pamaoneka dzina la amalume ndi tsiku lobadwa, ndipo pagulu pano tilipo anthu ambiri.

Jere wa ku X-ray: Mwachita bwino a Gama. Komanso achemwali, mwajambula filimu ndi foni mutaitsamiritsa pa windo, kumbuyo kukuoneka mtengo wa pichesi. Pamenepo palibe angawerenge kanthu, kaya munthu kaya kompyuta. CT yeniyeni ndi zithunzi mazana, ngati buledi wodulidwa mapisi opyapyala, ndipo zimakhala pa CD imene anakupatsani. CD imeneyo muisunge ngati chiphaso cha munda. Osaiika padzuwa, osapatsa ana aziseweretsa. Ndinaonapo ina itapachikidwa pagalasi la minibasi ngati chokongoletsa, mwini wake akufunika kujambulidwanso.

Kabaza wa pa Mphate: Ineyo yanga ili pa sipoko ya njinga, imawala bwino usiku

Bambo a Yamikani (Germiston): Moni nonse, ndine msuweni wa Nachisale, odwalawo ndi bambo anga. Andilowetsa kumene pagulu. Ine ndi amene ndinatumiza nkhani ija. Kuno ndamvanso za PET sikani, akuti imaonetsa khansa ikuwala. Ndimaganiza ndiwabweretse bambo kuno adzajambulidwe imeneyo kaye, tidziwe zoona, kenako tione zowotchazo.

Ngozo wamng'ono (Cape Town): Achimwene, PET ndi yabwino ndithu, ndikufotokozereni mmene imagwirira. Wodwala amamubaya shuga wapadera wotchedwa FDG, amene ali ndi kachizindikiro kotulutsa cheza. Maselo a khansa ndi adyera pa shuga, amamuunjikira ngati nyerere, ndiye pa chithunzi pamawala. Kuwalako amakuyeza ndi nambala yotchedwa SUV. Ofufuza aona kuti kawirikawiri chotupa chowala kwambiri chimakhala chaukali, ndipo ngati kuwalako kwatsika msanga mankhwala ali mkati, zinthu zimakonda kuyenda bwino. Pa zolosera ndi zithunzi, PET ndi imene ili ndi umboni wokhwimirako. Phindu lake lalikulu kwenikweni ndi kupeza khansa imene yabisala kwina CT osaiona.

Koma pali ziwiri. Shuga uja mphamvu yake imatsika ndi theka pa mphindi 110 zilizonse, ndiye amafunika kupangidwa pafupi ndi makinawo, sungamuitanitse pa basi ya ku Joni. N'chifukwa chake a kwathu amene ndawaona ndi zotsatira za PET anakachitira ku South Africa, Nairobi kapena India. Chachiwiri, si khansa yokha imene imadya shuga. TB imawalanso. Fumbi la m'migodi likatupitsa timwanabere ta m'chifuwa, natonso timawala. Kwa bambo anu amene anagwira mgodi, PET ikhoza kuwala malo asanu, atatu mwa iwo osakhala khansa, inu n'kutaya mtima pachabe.

Bambo a Yamikani (Germiston): Ndiye mukuti ndisawabweretse?

Ngozo wamng'ono (Cape Town): Ine ndine wophunzira chabe, wogamula ndi dokotala amene wagwira fayilo yawo. Mufunseni kuti: PET ingasinthe pulani yanu? Akati inde, thamangani. Akati ayi, werengani masiku. Pasipoti, ulendo wa basi wa masiku awiri kwa munthu wolavula magazi, kudikira buking'i kuno, kubwerera. Mwezi kapena iwiri yapita, ndipo chotupa sichidikira chitupa. Mukhoza kugula chithunzi chokongola cha matenda amene akula chifukwa chodikira chithunzicho.

Mai Busa a ku Lobi: Fodya wako ndi amene ali pamphuno mwanawe, ngakhale mwambiwu lero wagwa pamalo polakwika.

Nachisale wa ku Bembeke: Kkkk amayi mwandiseketsa ndili ndi misozi.

Jere wa ku X-ray: Ndiwonjezere za zimene zidzachitike mukavomera, kuti musadzadabwe. Asanayambe kuwotcha adzawajambulanso CT ina, musadzati akubwereza pachabe. Imeneyo ndi yokonzera pulani. Amawagoneka chagada manja m'mwamba, mmene azidzagonera tsiku lililonse, n'kuika timadontho pakhungu. Timadontho timeneto osatichotsa posamba. Pa chithunzicho dokotala amazungulira chotupa ndi cholembera cha pakompyuta, amazunguliranso mtima, msana, kummero ndi phapo labwino, kuti cheza chipite kwambiri uku chizilambalala uko. Chotupa cha m'phapo chimakwera ndi kutsika munthu akamapuma, ndiye amasiya mpata wa zimenezo. Tsiku lililonse pa makina ndi mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, sizipweteka, samva kalikonse. Ndipo akatuluka alibe cheza m'thupi, akhoza kunyamula zidzukulu, kudyera mbale imodzi ndi anthu.

Nabanda wa ku Golomoti: Zikomo a Jere pa mfundo yomalizayo. Kwathu kuno mayi wina atabwera kowotchedwa anthu amamupatsa kapu yakeyake, ati awawotcha nawo.

Bambo a Yamikani (Germiston): Nanga ngati chotupa chili cha mtundu wouma mutu uja, sangangowonjezera mphamvu? Ndalama ya ma extra ndingayesetse.

Ngozo wamng'ono (Cape Town): Si feteleza achimwene, ngakhale feteleza naye ukachulutsa amawotcha chimanga. Ku America anayesa zimenezo, anayerekeza 60 Gy ndi 74 Gy pa odwala khansa ya m'mapapo ya siteji 3, imene yakula koma sinamwazike thupi lonse, zotsatira zinatuluka mu 2015. Amene analandira 74 anafa msanga kuposa a 60. Anthu anadabwa. N'chifukwa chake nkhani yolosera ndi zithunziyi ofufuza aikakamira: akufuna adziwe ndani angapindule ndi mlingo wokwera, ndipo mbali iti ya chotupa, m'malo mowonjezera kwa aliyense. Ayesapo kujambula PET pakati pa chithandizo n'kuwonjezera cheza pamalo powalabe pokha. Mpaka pano sizinafike poti n'kukhala lamulo la chipatala chilichonse.

Ndikuuzeninso kanthu kena kongosangalatsa. Mbali ina ya masamu a CT inayambira kuno ku Cape Town. Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, ankathandiza pa chipatala cha Groote Schuur mu 1956, ndipo chimene chinkamuvuta ndi chomwechi, kudziwa za mkati mwa thupi kuti mlingo wowotchera ukhale wolondola. Anadzalandira Nobel mu 1979 pamodzi ndi Godfrey Hounsfield amene anapanga makinawo ku England. Ndimadutsa pa chipatala chimenecho popita kusukulu.

Kabaza wa pa Mphate: Aphunzitsi a history afika. Mayeso liti?

Mai a Tadala (nesi): Ine ndibwerere pansi pano, chifukwa a Ngozo atitengera kumwamba. Nachisale, pali zolosera zina zosafuna kompyuta, ndipo madokotala amazidalira kwambiri. Kodi amalume amadzuka okha? Amayenda kupita kudimba kapena amangogona tsiku lonse? Atsika makilogalamu angati? Akudya? Munthu amene akuyendayenda yekha amapirira chithandizo bwino kuposa wongogona, ngakhale sikani zawo zifanane. Komanso pa pepala la kanyama kaja palembedwa mtundu wa khansa. Ilipo ya maselo ang'onoang'ono, imene imasungunuka msanga ndi kemo ndi kuwotcha koma imakonda kubwerera, ndi ina imene ndiyo yochuluka, pafupifupi 85 mwa 100 aliwonse. Zimenezo sikani siinena, chimanena ndi kanyama.

Nachisale wa ku Bembeke: Papepala palembedwa squamous. Kudimba amapita, dzulo amakalipira anyamata kuti mizere ya kachewere yapindika. Kungoti akakwera kamtunda ka kuseri kwa tchalitchi amaima kawiri.

Mai a Tadala (nesi): Imeneyo ili m'gulu lochuluka lija, ndipo imakonda osuta. Munthu amene akukalipira anyamata kudimba, ine sindingamuuze kuti akagone adikire. Koma mukayamba mumalize. Choipa kwambiri ndi kuwotcha milungu itatu, ndalama zatha, mwabwerera kumudzi kukasaka, mwabwera patatha masiku khumi. Masiku odumphawo maselo otsala amaswana mwaliwiro. Ndiye muwerengere za milungu 6 yonse musanayambe, ndi Dedza kupita ku Lilongwe tsiku lililonse munthu wodwala sangathe, mupeze wachibale wa ku Kawale kapena Area 36 wowasunga.

Bambo a Yamikani (Germiston): Za ng'ombe msuweni tikambirana kumbali. Ndalama imene ndimasungira PET ija ikhoza kugwira kumeneko, mwina ipite imodzi yokha.

aMbewe a ku Tsangano: Ngolo ya ng'ombe imodzi munaionapo kuti? Gulitsani mbuzi ndi kachewere, ng'ombe zisiyeni. Ndipo poti anali ku Theba, fufuzani za Tshiamiso Trust, anzathu ena analembetsa.

Gama (adimini): Zoona bambo, koma tinene bwino kuti anthu asayembekeze zolakwika. Thumba limenelo ndi la amene anagwira m'migodi ina ya golide n'kudwala matenda a fumbi, silicosis, kapena TB. Si la khansa. Ngati sikani yaonetsanso za fumbi, pamenepo mpomwe angafunse. Ndipo asapereke ndalama kwa aliyense wonena kuti awathamangitsira mafomu.

Nachisale wa ku Bembeke: Abale, ndabwereranso patatha masiku. Lachiwiri tinapita, ndinalemba mafunso kuseri kwa buku la kuchipatala kuti ndisachite mantha. Ndinafunsa la a Jere lija. Adokotala anati cholinga n'kuyesa kuchiza, koma sangalonjeze, ambiri a siteji imeneyi matenda amadzabwerera, ena ndithu amakhala zaka. Za PET anati pulani yawo singasinthe. Za kompyuta yolosera anaseka, anati ikadzafika adzayamba ndi iwo kuifunsa. Amalume anafunsa funso limodzi lokha, ngati adzakhale atamaliza pofika nthawi yokumba mbatata. Madontho awaika kale pachifuwa, ayamba Lolemba.

Jere wa ku X-ray: Zayenda bwino. Chenjezo limodzi la kutsogolo, mulisunge. Akamaliza, sikani yoona zotsatira sajambula mawa lake, amadikira mwina miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa chotupa chimapitiriza kufota kuwotcha kutatha. Poyeza amati chamvera ngati chachepa ndi 30 pa 100 kapena kuposa m'litali mwake, ndipo chakula ngati chawonjezera 20 pa 100. Koma phapo lowotchedwa limachita chipsera, ndipo chipseracho pa chithunzi chimaoneka choyera ngati chotupa chomwe. Wina wosazolowera akhoza kukuuzani kuti yabwerera pamene ndi chipsera, kapena kuwayambitsanso mankhwala a TB. Paliponse pamene mukajambulitse muzinena kuti munthuyu anawotchedwa mbali yakuti mwezi wakuti, ndipo muzinyamula ma CD onse, akale ndi atsopano, kuti aziyerekeza.

Mai a Tadala (nesi): Ndipo pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 6 atamaliza, akayamba chifuwa chouma, kubanika ndi kutentha thupi, osangogula Bactrim pa golosale. Likhoza kukhala phapo latupa ndi cheza, lili ndi mankhwala akeake, abwerere kumene anawotchedwa msanga.

Ngozo wamng'ono (Cape Town): Kusiyanitsa chipsera ndi khansa yobwerera ndi pena pamene ofufuza a radiomics akulimbikira, ndipo ine ntchito yanga ya chaka chamawa ndikufuna ikhale ya zimenezo, pa mapapo a anthu amene anadwalapo TB. Ndikadzabwera pa holide ndidzadutsa ku Bembeke ndidzawaone amalume, ngati angalole.

Nachisale wa ku Bembeke: Adzalola, bola musadzanene za mizere yawo. Kanyuzi kaja ndinakapezanso, ulendo uno m'sokosi.

aMbewe a ku Tsangano: Ine maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Koma Loweruka mnyamata wanga akukwera lole ya kabichi kupita ku Lilongwe, adutsa pa Bembeke turn-off cha m'ma 5 m'mawa. Ndamupatsira nsinjiro ndi ufa wa mgaiwa wa phala lija amanena anesi. Wina akaime pamsewu, dalaivala wake sadikira.

Nachisale wa ku Bembeke: Zikomo bambo, ndikaima ndine. Lole yake ndi yamtundu wanji?